Chigongono chikaguluka pa mpira, musangochikoka

Ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, mabwalo athu ampira amauma gwa m'chilimwe. Goloboyi kapena wosewera wina akagwa motsamira dzanja, mkono uli wowongoka, chigongono chimatha kuguluka. Anzake amathamangira kukoka mkonowo, ukabwerera m'malo amati wachira. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa.

Kutsogolo kwa chigongono, pa fupa limodzi mwa awiri a mkono wam'munsi, pali kansonga kooneka ngati mlomo wa mbalame. Madokotala amakatcha coronoid. Ntchito yake ili ngati ya mwala umene mumaika kumatayala kuti galimoto isabwerere m'mbuyo. Chigongono chikamaguluka, nthawi zina kansongaka kamathyoka. Kunja simungaone kanthu kupatula kutupa, koma chigongonocho chimakhala cholobodoka ndipo chimagulukanso.

Munthu akavulala chonchi, musakoke, musathowe ndi madzi otentha, musateme mphini. Kolekani mkonowo m'khosi ndi chitenje momwe ulili, muvuleni mphete ndi zibangili, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati zala zachita dzanzi, kapena dzanja lazizira ndi kutuwa, ndiye kuti mtsempha wapanikizika. Musadikire kuti kuche.

Chimene chimaonetsa kuthyokaku ndi X-ray. Ngati pachipatala chanu palibe makinawo, pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu cha ku Cuamba kapena ku Hospital Provincial de Lichinga, ngakhale ululu utachepa. Ndalama ya ulendowu ndi yochepa poyerekeza ndi mkono wolephera kugwira khasu.

M'chaka cha 1989, madokotala Regan ndi Morrey anagawa kuthyokaku patatu: kubenthuka kunsonga kokha, kuthyoka mpaka theka, ndi kuthyoka kopitirira theka. Kakabenthuka pang'ono, chigongono chili cholimba, amangomanga mkono kwa kanthawi. Chidutswa chikakhala chachikulu kapena chigongono chikamagulukabe, pamafunika opaleshoni yolumikiza fupalo ndi tizitsulo.

Dziwaninso kuti chigongono sichichedwa kuuma. Chikamangidwa kupitirira masabata atatu osachigwedeza, chimavuta kuwongokanso. Choncho musaphonye tsiku limene a dokotala akuuzani kuti mubwerenso, ndipo akakulolani, yambani kupinda ndi kuwongola mkonowo nokha pang'onopang'ono, popanda wina wokukakamizani.

Inu aphunzitsi a matimu, mnyamata wotere musam'bwezere pagolo chifukwa kukubwera fainolo. Nthawi zambiri pamadutsa miyezi itatu kapena kuposerapo asanaloledwe kugwiranso mpira.