Mutu 17: Kodi Masewera a pa Kompyuta Amaphunzitsa Chiwawa?

Ana a m'dziko lililonse amakonda kusewera. Kumudzi anyamata amamenya mpira wachikulunga, atsikana amasewera phada, pamene akuluakulu amasewera bawo patsinde pa mtengo. Masiku ano kulinso masewera a pa kompyuta ndi pa foni. Kudzera pa intaneti, anthu okhala m'mayiko otalikirana amasewera pamodzi ngakhale sadaonanepo. M'masewera otchedwa Fortnite, amene adatuluka m'chaka cha 2017, anthu 100 amathirana nkhondo pachilumba chimodzi mpaka mmodzi atapambana.

Ambiri mwa masewerawa ndi omenyana ndi owomberana. N'chifukwa chake padabuka mtsutso waukulu, makamaka ku America. M'chaka cha 1993, aphungu a kumeneko adaitana opanga masewera kuti afotokoze za masewera a Mortal Kombat, amene ankaonetsa anthu akukhetsana mwazi. Chaka chotsatira kudakhazikitsidwa bungwe la ESRB, limene limalemba pa masewera msinkhu wa anthu oyenera kuwasewera. Mtsutsowu udafika pachimake mu 1999, pamene anyamata awiri adapha ana asukulu anzawo ndi mphunzitsi mmodzi pasukulu ya Columbine. Zidadziwika kuti anyamatawo ankakonda masewera owomberana otchedwa Doom.

Anthu a mbali imodzi amati mwana amatengera zimene amaona. Iwo amati mwana akazolowera kuona mfuti ndi mwazi tsiku ndi tsiku, mtima wake umauma ndipo saonanso chachilendo kupweteka mnzake. Amakumbutsanso makolo kuti kuwongola mtengo m'poyamba.

A mbali inayo amatsutsa zimenezi. Iwo amati ku Japan ndi ku South Korea anthu amasewera masewerawa kwambiri, koma kuphana n'kochepa poyerekeza ndi ku America. M'chaka cha 2019, akatswiri a ku yunivesite ya Oxford adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa achinyamata oposa 1,000 a zaka 14 ndi 15 a ku Britain. Iwo adapeza kuti osewera masewera omenyana sadali andewu kuposa anzawo. Mu 2020, bungwe la akatswiri a za maganizo la ku America lidati masewerawa angathe kuchititsa mwana kukalipa kapena kukankha mnzake, koma palibe umboni wokwanira woti ndiwo amachititsa munthu chiwawa choopsa.

Komabe, mapangidwe a masewera ali ndi mphamvu pa khalidwe la osewera. M'masewera a Minecraft, amene adapangidwa ku Sweden, ana amathandizana kumanga nyumba, kulima minda ndi kuweta ziweto. Masewera ena ali ndi njira yonenezera munthu wotukwana kuti aletsedwe kusewera. Koma ena adapangidwa mochenjera kuti munthu asafune kuleka, ndipo amamukopa kuti agule timabokosi ta mwayi osadziwa zimene zili m'katimo. Dziko la Belgium lidagamula mu 2018 kuti timabokosi totere ndi juga. Mu 2019, bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti kusewera kosalekeza, mpaka munthu kutaya sukulu, ntchito ndi abale, ndi matenda. Zoonadi, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Masewera a pa kompyuta ali ngati mpira wamiyendo. Mpira suphunzitsa ndewu, koma pabwalo popanda malamulo ndi woyimbira, ndewu sichedwa kubuka. Choncho mwana wanzeru amasankha masewera oyenera msinkhu wake, amayamba watsiriza ntchito za kusukulu ndi za pakhomo, ndipo sauza mlendo wa pa intaneti dzina lake kapena kumene amakhala. Wina akamutukwana, sabwezera koma amauza makolo ake. Akagonja, amayamikira wopambanayo monga amachitira akatswiri a bawo.

Mafunso

1. Kodi anthu a m'mayiko otalikirana amasewera bwanji pamodzi?
2. Kodi ntchito ya bungwe la ESRB ndi yotani?
3. Tchulani mfundo imodzi ya mbali iliyonse ya mtsutsowu.
4. N'chifukwa chiyani dziko la Belgium lidati timabokosi ta mwayi ndi juga?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere."

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu awa: chiwawa, umboni, kafukufuku, msinkhu, juga.

(b) Gawanani m'magulu awiri ndipo muchite mtsutso pa mutu wakuti, "Masewera omenyana ndi oyenera kuletsedwa kwa ana." Kumbukirani kumvetsera mnzanu akamalankhula.