Phunziro la Adventi: Mphatso Yochokera M'manja Mwathu

Werengani: Ntchito za Atumwi 9:36-42, Eksodo 35:20-29

Talowa m'nyengo ya Adventi, ndipo m'mabanja ambiri nkhani ya mphatso za Khirisimasi yayamba kale kusowetsa anthu tulo. Chikondwererochi chimatipeza pa nthawi yovuta. Ndalama zapita ku feteleza ndi mbewu, chimanga m'nkhokwe chikuchepa, ndipo Januwale akudikira ndi fizi ya ana. Ena mwa ife timathamangira katapila kapena kutenga ngongole ku banki mkhonde kuti tisachite manyazi pamaso pa abale. Chimwemwe cha tsiku limodzi chimasanduka kulira kwa miyezi itatu. Phunziro lathu lero likutikumbutsa kuti manja amene Mulungu adatipatsa angathe kupanga mphatso yoposa ya m'sitolo, popanda kuika banja m'ngongole.

Zimene Malembo akutiphunzitsa

Mu mzinda wa Yopa mudali mayi wina wokhulupirira, dzina lake Tabita, pa Chigriki Dorika. Atamwalira, akhristu adaitanitsa Petro kuchokera ku Lida. Petro atalowa m'chipinda cham'mwamba, amayi amasiye adamuzungulira akulira, namuonetsa malaya ndi zovala zimene Tabita adasoka ali moyo. Taonani umboni umene adapereka. Sadawerenge ndalama zimene mayiyo adagawa. Adaonetsa zimene zala zake zidagwira, chifukwa m'chovala chilichonse mudali masiku a moyo wake amene adawapereka kwa iwo.

M'buku la Eksodo, pamene Aisraele ankamanga chihema cha Chauta m'chipululu, amayi aluso adapota thonje ndi ubweya wa mbuzi ndi manja awo. Mutu 36 ukutiuza kuti zopereka zidachuluka mpaka Mose adalamula kuti anthu aleke kubweretsa. Anthu a paulendo, opanda msika wogulako, adakongoletsa malo a Mulungu ndi luso lawo.

Ambuye Yesu amene tikuyembekeza kubadwa kwawo ankadziwika ku Nazarete ngati mmisiri wa matabwa (Marko 6:3). Paulo Woyera ankasoka mahema (Ntchito 18:3). Ngakhale pa Misa, wansembe akamapereka mkate ndi vinyo, pemphero lake limatchula kuti zimenezi zachokera m'nthaka komanso m'ntchito ya anthu. Mulungu amalandira zimene manja athu agwira nkuzisandutsa chakudya cha moyo wosatha. Ngati Iye sanyoza ntchito ya manja, ife tingainyoze bwanji?

Khola la ku Greccio

Mwambo wa khola la Khirisimasi, limene timaliona m'tchalitchi mwathu chaka ndi chaka, umalumikizidwa ndi Francis Woyera wa ku Assisi. M'chaka cha 1223, m'mudzi wa Greccio ku Italy, iye adapempha mnzake kuti akonze chodyera cha ziweto, udzu wouma, ng'ombe ndi bulu m'phanga. Ankafuna kuti anthu aone ndi maso umphawi umene Mwana wa Mulungu adabadwiramo. Anthu adabwera ndi miuni usiku, ndipo Misa idaperekedwa pomwepo. Pa 1 Disembala 2019, Papa Francis adapita ku Greccio komweko ndi kusaina kalata yotchedwa Admirabile signum, yolimbikitsa mabanja kuti apitirize kukonza khola m'nyumba, m'sukulu, m'zipatala ndi m'ndende.

Kuno kwathu, ku Mua m'dayosizi ya Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni m'chaka cha 1976. Amisiri a kumeneko asema Maria, Yosefe ndi Khanda Yesu ndi nkhope za Chimalawi, pa mitengo ya kwathu konkuno. Akutiphunzitsa kuti chikhulupiriro chathu sichidikira katundu wochokera kunja.

Chifukwa chake mphatso yotere imalemera

Mphatso yogula imadya ndalama, koma yopanga imadya nthawi. Ndalama ikapita ingathe kubwerera, pamene tsiku likapita lapita. Amene wakhala madzulo asanu akuluka kadengu ka apongozi ake, wakhala madzulo asanu akuwaganizira. Wadzifunsa kuti amakonda mtundu wanji, adzaikamo chiyani, dzanja lawo lidzagwira pati. Kuganizira munthu motere sikutalikirana ndi kumupempherera. Pa Khirisimasi Atate sadatitumizire katundu, adatipatsa Mwana wawo. Mphatso imene muli gawo la ife eni ndi imene ikufanana kwambiri ndi chinsinsi chimene tikukondwerera.

Zimene tingapange

Khola la banja. Makoko a chimanga kapena a nthochi, timitengo ndi udzu ndi zokwanira kumangira kakhola. Anthu ndi nyama muumbe ndi dongo. Muziumitse pamthunzi kwa masiku angapo, chifukwa dzuwa lamphamvu limang'alula dongo. Popeza ino ndi nthawi ya mvula, yambani msanga. Ana aumbe nkhosa ndi abusa, inu mukuwafotokozera nkhani ya pa Luka 2.

Kolona. Imafuna mikanda 59: makumi asanu a Tikuoneni Maria, itatu ya poyambira, ndi isanu ndi umodzi ya Atate Athu. Gwiritsani ulusi wolimba wa nayiloni, mumange mfundo pakati pa mikanda kuti isamasunthe, ndipo kamtanda musemere pa kamtengo kouma. Mukamaliza mupite nayo kwa bambo mfumu kuti akaidalitse. Ndi mphatso yabwino kwa mwana wanu wa ubatizo kapena wolandira Ukaristia koyamba.

Zosoka. Atelala amataya tizidutswa tambiri ta chitenje. Mukapempha mwaulemu, mungasoke kathumba konyamulira Baibulo ndi buku la nyimbo, chikwama cha mwana wa sukulu, kapena chogwirira mphika.

Zoluka ndi zosema. Mlaza muuviike m'madzi kuti ufewe musanayambe kuluka mkeka kapena chipewa. Abambo odziwa kusema angapange mthiko, chipande kapena mpini wa khasu. Agogo amene mpini wawo udathyoka adzakondwera nawo kuposa maluwa a pulasitiki.

Khadi la moni. Pepala lolimba, makoko a nthochi odulidwa bwino, guluu, ndi mawu ochepa olembedwa ndi dzanja lanu. Odwala ndi amene ali m'ndende salandira makalata kawirikawiri.

Machenjezo atatu

Choyamba, kupanga ndi manja si chifukwa choperekera chinthu chosasamalika. Chokani pa zimene mumatha, ndipo funsani odziwa. Mu mphakati uliwonse muli mayi kapena bambo amene luso lake likufa naye chifukwa achinyamata sitimufunsa.

Chachiwiri, amene simungathe kupanga, gulani kwa mnzanu wa m'mudzi amene amaluka kapena kuumba, ndipo musamunenerere mtengo mpaka kumudyera thukuta. Kumulipira moyenera ndi mphatso kale ku banja lake.

Chachitatu ndi cha olandira. Mwana akakubweretserani kang'ombe kadongo kopindika mwendo, nkhope yanu ndi imene idzamuphunzitse ngati kupatsa kuli kokoma kapena kochititsa manyazi. Kumbukirani mayi wamasiye wa pa Marko 12:41-44. Anthu adaona tindalama tiwiri, koma Yesu adaona moyo wonse.

Ntchito ya masabata anayi

Sabata yoyamba, lembani maina a anthu atatu, ndipo mmodzi akhale woti sangakubwezereni: wamasiye, wodwala, kapena wokalamba wokhala yekha. Sabata yachiwiri, sonkhanitsani zipangizo. Yachitatu, pangani, ngati nkotheka pamodzi ndi ana kapena a mu mphakati. Yachinayi, kaperekeni nokha, mukhale pansi, mucheze. Mphatso yotumiza ndi mwana imafika, koma yobwera ndi mwini wake imatonthoza.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Kodi ndi chiyani chimatikakamiza kutenga ngongole pa Khirisimasi, chikondi kapena kuopa kunenedwa?
2. Ndani pakati pathu ali ndi luso limene tingaphunzire Adventi ino?
3. Ife tikadzachoka pa dziko lino, amasiye a m'dera lathu adzaonetsa chiyani chochokera m'manja mwathu?

Tipemphere: Ambuye Yesu, Inu amene mudagwira ntchito ndi manja ku Nazarete, dalitsani manja athu. Tichotsereni mtima wodzionetsera, mutiphunzitse kupereka nthawi yathu kwa amene aiwalika, kuti pobwera Inu mudzatipeze tili okonzeka. Amen.