Timeline ya Articulate Storyline: chida choyendetsera nthawi m'phunziro la pa kompyuta

Kapepala kano talembera aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, komanso anzathu a m'mabungwe amene apatsidwa ntchito yokonza maphunziro oti anthu aziphunzira paokha pa foni kapena pa kompyuta. Chitsekereni sukulu mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ntchito imeneyi yagwera anthu ambiri amene sanaiphunzirepo kukoleji. Abwana amangoti, "Inu PowerPoint mumaidziwa, izi sizingakuvuteni." N'zoona kuti maonekedwe ake ndi ofananako. Koma m'munsi mwa sikirini muli chida china chimene ambiri amapunthwapo, ndicho timeline.

Tikamba za timeline ya pulogalamu ya Articulate Storyline. Kampani ya Articulate ya ku America inatulutsa pulogalamuyi mu 2012, ndipo Storyline 360, imene ikugulitsidwa masiku ano, inabwera mu 2016. Imagwira pa Windows pokha. Amene mumagwiritsa ntchito Adobe Captivate musataye kapepalaka, chifukwa nayonso ili ndi timeline yoyenda mofananako.

Ili pati, nanga imachita chiyani?

Mukatsegula silaidi, yang'anani m'munsi. Muona mayina atatu ondondozana: Timeline, States ndi Notes. Dinani pa Timeline. Pamwamba pake pali mzere wa masekondi, kuyambira pa 0 kupita kumanja. Kunsi kwa mzerewo, chinthu chilichonse chimene mwaika pa silaidi chili ndi kanjira kakekake: chithunzi, mawu olembedwa, batani, kanema, mawu ojambulidwa. Pa kanjirako pali kachidutswa kotalika. Pamene kachidutswa kayambira ndi pamene chinthucho chidzaonekere kwa wophunzira. Pamene kathera ndi pamene chidzasowe. Mukafuna kuti chithunzi chichedwe kutuluka, kokerani kachidutswa kake kumanja ndi mausi. Mukafuna chikhalitse, gwirani kumapeto kwake n'kutalikitsa.

Silaidi yatsopano imabwera ndi masekondi 5. Mukaikamo mawu ojambulidwa aatali kuposa apo, timeline imadzitalikitsa yokha kufika pamene mawuwo athera.

Tinjira timeneti tili ndi ntchito inanso imene oyamba kumene saidziwa. Chinthu chimene chili pamwamba pa mndandanda ndicho chimakhala kutsogolo pa silaidi, ndipo cha pansi chimabisika kumbuyo kwa zinzake. Batani likakana kudinika, kawirikawiri pamakhala chinthu china chosaoneka bwino chimene chaliphimba. Likwezeni pamwamba pa mndandanda, lidzagwira. Pambali pa dzina la chinthu chilichonse pali kachithunzi ka diso ndi malo a loko. Loko amateteza chinthu kuti musachisunthe mwangozi. Diso limabisa chinthu, koma chenjerani: chimene mwachibisa ndi diso sichidzaonekanso kwa wophunzira mukamaliza phunziro, pokhapokha mutachibwezeretsa.

Ndipo zinthuzi zipatseni mayina. Pulogalamu imangozitcha "Picture 1", "Picture 2", "Rectangle 7". Silaidi ikadzaza, mudzakhala mukudina chimodzichimodzi kufunafuna chithunzi cha khasu. Lembani "khasu" lero lomwe.

Kugwirizanitsa zithunzi ndi mawu

Apa ndi pamene timeline imaonetsa phindu lake. Tiyerekeze kuti mukukonza phunziro la kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa. Mwajambula mlangizi akufotokoza kwa masekondi 40. Mukufuna kuti akamati "mizere italikirane masentimita 75", chithunzi cha mizere chituluke. Akamati "mapando atalikirane masentimita 25", chituluke cha mapando. Akamati "mbewu imodzi pa phando", chituluke cha dzanja likuponya njere imodzi.

Musavutike ndi kuwerenga masekondi pa wotchi. Dinani batani loseweretsa limene lili kumunsi kwa timeline, mumvetsere. Muona kamzere koimirira kakuyenda pa masekondi; ako ndi ka playhead, kosonyeza pamene phunziro lafika. Mlangizi akangotchula mizere, dinani chilembo C pa kiyibodi. Akatchula mapando, dinaninso C. Akatchula mbewu, chimodzimodzi. Paliponse pamene mwadina, pa mzere wa masekondi patsala kachizindikiro kokhala ndi nambala: 1, 2, 3. Timeneti ndi ma cue point. Timagwira ntchito ngati mfundo za pa chingwe chobzalira: mukamanga kamodzi, wobzala sayezanso, amangoponya pamene pali mfundo. Tsopano dinani kachidutswa ka chithunzi cha mizere pa timeline ndi batani la kumanja la mausi, sankhani "Align to Cue Point", kenaka 1. Chithunzicho chidzalumphira pamalo pake. Teroni ndi zinazo.

Masekondi akathinana moti simukuona bwino, kumunsi komweko kuli kokokera kokulitsira timeline. Kulitsani pogwirizanitsa mawu, chepetsani pofuna kuona silaidi yonse.

Ma cue point amamangidwa pa nthawi, osati pa mawu. Mukajambulanso mlangizi uja n'kuika mawu atsopano, zizindikiro zija zidzakhala pomwe zinali, pamene mawu asuntha. Vuto limeneli limakula kwambiri kwathu kuno, kumene phunziro limodzi limafunika m'Chingerezi, m'Chichewa, mwinanso m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Zimene Mngerezi wanena m'masekondi 40, Mchewa angazinene m'masekondi ochulukirapo, ndipo kalembedwe ka ziganizo kamasuntha malo a mawu ofunika. Chinenero chilichonse chimafuna kuti mukhale pansi n'kumanganso mfundo zake. Choncho musayambe kugwirizanitsa zithunzi mawu asanavomerezedwe ndi onse oyenera kuvomereza. Komanso mukaika mawu aafupi m'malo mwa aatali, timeline sidzifupikitsa yokha. Wophunzira adzakhala akuyang'ana silaidi ili zii, kudikira batani lopitira kutsogolo. Pitani kumapeto kwa timeline, mukokere malire ake kumanzere kufika pamene mawu athera.

Nthawi aigwire ndani: inu kapena wophunzira?

Timeline imene mukuona inu, wophunzira saiona. Iye amaona kamzere kamene kamayenda m'munsi mwa phunziro, ka seekbar, konga kamene timakoka pa YouTube. Storyline 360 imakupatsani zosankha zitatu. Mungalole wophunzira kukoka mmene afunira. Mungakatseke kuti azingoona kakuyenda, osakakhudza. Kapena mungasankhe "Allow drag after completion", kuti ulendo woyamba amvetsere mpaka kumapeto, koma akabwereranso akhale womasuka kukoka.

Mabwana ambiri amakonda kutseka. Chifukwa chake n'chomveka: mukakonza kuti batani la Next ligwire pokhapokha timeline ikatha, wophunzira wochenjera amangokokera seekbar kumapeto, batani n'kutseguka, iye n'kudutsa asanamve kanthu. Koma ganizirani mlangizi amene wakhala pakhonde ndi foni, njinga yamoto yadutsa panthawi imene mawu amatchula masentimita. Seekbar ikakhala yotseka, sangabwerere masekondi asanu okha. Ayenera kuyambiranso silaidi yonse. Munthu wamkulu akachitidwa zotere kangapo amangoika foni pambali mawu akudzilankhulira okha, n'kumapita kukatunga madzi. Mwamutsekera, koma sanaphunzire. Ife timalangiza njira yachitatu ija pa maphunziro a satifiketi, ndipo pa maphunziro ongokumbutsa anthu ntchito yawo, asiyireni akoke. Pofuna kudziwa ngati munthu wamva, mufunseni funso; kumusunga pa silaidi si umboni.

Zimene timeline singathe

Choyamba, timeline ndi ya silaidi imodzi, osati ya phunziro lonse. Phunziro la masilaidi 30 lili ndi ma timeline 30, uliwonse woyambira pa 0. Seekbar nayonso imangosonyeza silaidi imene munthu alipo. Siimuuza kuti phunziro lonse latsala mphindi zingati. Mukafuna kuti adziwe, mulembereni nokha, kapena muyatse mndandanda wa mitu wa m'mbali.

Malamulo ouza phunziro chochita amatchedwa ma trigger. Mungaliuze kuti lichite chakuti timeline ikayamba, ikatha, kapena ikafika pa sekondi yakuti kaya pa cue point yakuti. Mu Storyline 360 mulinso trigger ya "Jump to Time/Cue Point", imene munalibe m'mitundu yoyambirira ya pulogalamuyi. Ndi iyo mungaike batani lolembedwa "Mverani za mapando" loti likadinidwa, nthawi ilumphire pa cue point 2. Koma kulumphako ndi kwa m'silaidi momwemo. Ngati muli pa silaidi 12 ndipo mukufuna wophunzira akafikire pakati pa silaidi 4, njira yake ndi yozungulira: batani lisinthe variable (kamalo kamene phunziro limasungiramo nambala kapena mawu oti lizikumbukira), kenaka lipite ku silaidi 4, kumeneko trigger ina ione variable ija timeline ikangoyamba, n'kulumphira pa cue point. Zimatheka, koma mukaiwala kubwezeretsa variable, aliyense wofika pa silaidi 4 azingoyambira pakati. Nthawi zambiri chanzeru n'kungoidula silaidiyo pawiri.

Chachiwiri, kukokera seekbar kumbuyo kumabweza zithunzi ndi mawu, koma sikubweza zimene ma trigger asintha kale. Ngati nambala ina yawonjezereka pa sekondi 20, wophunzira akabwerera pa 10 n'kudutsanso pa 20, ingathe kuwonjezerekanso. Ndipo akalumpha kuchoka pa 10 kufika pa 35, trigger ya pa 20 ingathe kudumphidwa osagwira n'komwe. Chilichonse chokhudza malikisi kapena kutsegula njira musachimangirire pa sekondi ya pakati pa silaidi imene seekbar yake ndi yomasuka.

Chachitatu ndi ma layer, timasamba timene timatuluka pamwamba pa silaidi munthu akadina batani. Layer iliyonse ili ndi timeline yake. Cholakwika chofala ndi ichi: wophunzira wadina chithunzi cha feteleza, layer yatseguka ndi mawu ake, koma mawu a pansi aja akupitirirabe, ndiye anthu awiri akulankhulira pamodzi. Tsegulani makonzedwe a layer, muchonge "Pause timeline of base layer". Pomwepo palinso "Allow seeking", posankhira ngati seekbar itsatire layer kapena ayi.

Mawu kapena kanema amene amayamba chifukwa chodina batani amayenda paokha, osatsata timeline, choncho seekbar siwabweza. Ngati mukufuna aziyendera limodzi ndi zithunzi, asiyeni pa timeline aziyamba okha.

Onaninso "When revisiting" m'makonzedwe a silaidi. Apo ndi posankhira chochitika munthu akabwerera pa silaidi imene anaiona kale: iyambirenso ndi "Reset to initial state", kapena ipitirire pamene inalekera ndi "Resume saved state". Mukasiya pa "Automatically decide", pulogalamu imasankha yokha, ndipo si nthawi zonse pamene imasankha zimene inu mumafuna. Wophunzira angabwerere kuti amvenso za mizere, n'kupeza silaidi ili duu kumapeto, mawu osamveka.

Kuyesa

Batani loseweretsa la pa timeline limangoonetsa nthawi ya zithunzi ndi mawu. Ma trigger sagwira mmenemo. Poyesa zenizeni gwiritsani ntchito Preview. Ndipo musayese mwaulemu. Kokani seekbar uku ndi uku, dinani batani kawiri, bwererani m'mbuyo mawu ali pakati, tsegulani layer n'kuitseka isanathe. Kenaka pemphani mnzanu amene sanaonepo phunzirolo aliyese pa foni yake, inu muli chete pambali. Pa foni mudzaona kuti mawu sayamba okha mpaka munthu atadina batani loyambira, chifukwa ma browser a masiku ano amaletsa mawu kungoyamba osapemphedwa. Mudzaonanso kuti netiweki ikafooka, kanema wamkulu amaima akudikira. Masilaidi aafupi, a mphindi imodzi kapena ziwiri, amatseguka msanga, sadya bandulo pachabe munthu akabwereza, ndipo timeline yake ndi yosavuta kukonza.

Ngati phunziro likupita pa Moodle, pulogalamu yoikapo maphunziro a pa intaneti, litulutseni ngati SCORM 1.2, chifukwa ndiwo mtundu umene Moodle imaulandira mokwanira. Fayilo ya ntchito yanu muziisunga pa kompyuta pomwepo pamene mukugwira ntchito. A Articulate eniake amachenjeza kuti kugwirira ntchito pa fulashi kapena pa netiweki ya ofesi kumatha kuwononga fayilo. Kopererani pa fulashi mukaweruka. Ndipo muziseva pafupipafupi, magetsi sasanzika.

Ngati ndalama palibe

Storyline 360 imalipiridwa pachaka, m'madola, ndipo si yotchipa. Amalola kuiyesa ulere masiku 30, okwanira kuphunzira zonse zili m'kapepala kano musanapemphe bajeti. Bungwe limene silingakwanitse liyang'ane H5P, chida chaulere chochokera ku Norway, chimene chinalowa m'kati mwa Moodle mokwanira kuyambira pa Moodle 3.9 mu 2020. Mbali yake ya Interactive Video imakulolani kuika mafunso pa sekondi imene mwasankha m'kanema, kuika zizindikiro zoti wophunzira alumphirepo, ndi kuletsa kudumphira kutsogolo. Ilibe ma layer ndi ma trigger a mtundu wa Storyline, ndipo zithunzi muyenera kuzigwirizanitsa ndi mawu m'kanema momwemo musanamulowetse. Pa phunziro la Sasakawa lija, jambulani mlangizi ali m'munda ndi chingwe chake, muike funso pamene wamaliza za mizere, lina pamene wamaliza za mapando.