Phunziro 18: Thambo Lobiriwira la Kumpoto

Werengani nkhani iyi mokweza.

Mwezi wa Juni ku Lundazi kumazizira usiku, koma thambo limakhala loyera, lopanda mitambo. Munthu akaima pabwalo amaona nyenyezi zambirimbiri. Mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayika pa nsalu yakuda. Koma pali cinthu cimodzi cimene thambo la ku Lundazi silionetsa. Dzina lake ndi aurora.

Aurora ndi kuwala kumene kumaoneka usiku kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'maiko monga Norway, Finland, Iceland ndi Canada. Kawirikawiri kumakhala kobiriwira ngati masamba a cimanga canthete. Nthawi zina kumafiira. Ndipo sikukhala malo amodzi ai. Kumagwedezeka ngati citenje coyanika pa cingwe mphepo ikamaomba.

Mtsikana wina wa giredi 3, wa m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Lundazi, anaona cithunzi ca aurora pa foni ya amalume ake.

"Amalume, kodi ndani anapaka utoto kumwambaku?" anafunsa.

Amalume anaseka. "Palibe, mwanawe. Kuwala kumeneku kumayambira ku dzuwa, lomweli limene limaumitsa nshawa zathu."

Amalume ananena zoona. Dzuwa limaponya tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tinthuti timayenda masiku awiri kapena atatu kuti tifike kuno. Dziko lathu lili ngati maginito aakulu, ndipo mphamvu yake imakokera tinthuti kumpoto kwenikweni ndi kummwera kwenikweni. Kumeneko timagundana ndi mpweya wa m'mwamba, mpweyawo n'kuyamba kuwala. Lundazi ili kutali ndi nsonga ziwiri zimenezi. N'cifukwa cake aurora sioneka kuno.

Kuwalaku kumacitikira m'mwamba kwambiri, kuyambira makilomita 100 kupita pamwamba. Mitambo ndi ndeke sizifikako. Kuwala kofiira kumakhala pamwamba koposa, kupitirira makilomita 200. Mtunda umenewu umaposa ulendo wocoka ku Lundazi kupita ku Chipata, koma woimirira!

Mzinda wa Tromsø ku Norway umalandira alendo ambiri ofuna kuona aurora. Amapitako kuyambira Sepitembala mpaka Malichi, pamene usiku umatalika. Kumeneko dzuwa silituluka konse kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Ana amapita kusukulu kuli mdima, ndipo amaweruka kuli mdima.

Kujambula aurora kumafuna kuleza mtima. Wojambula amacoka m'tauni, kuthawa magetsi, cifukwa kuwala kwa magetsi kumabisa za kumwamba. Amaika kamera pa coimikira ca miyendo itatu. Akadina, kamera imayang'ana kumwamba kwa masekondi angapo, kusonkhanitsa kuwala pang'onopang'ono ngati munthu wotunga madzi pa citsime couma. Ikangogwedezeka, cithunzi caonongeka. Kuzizira nako kumamaliza batire msanga, motero wojambula amasunga batire ina m'thumba la mkati kuti ifunde. Ena amadikira usiku wonse, mitambo n'kuphimba zonse, iwo n'kubwerera manja lende. Cinanso n'cakuti kamera imaona mitundu bwino kuposa maso. Cobiriwira kwambiri pa cithunzi cingaoneke cotuwa cabe kwa munthu amene waima pomwepo.

Usiku wina mu Okutobala, mtsikana uja anatuluka panja. Kuseri kwa phiri, thambo linali psuu!

"Agogo, agogo, bwerani muone! Aurora yafika kwathu!"

Agogo anatuluka, nanunkhiza mphepo.

"Mdzukulu wanga, kodi sukumva utsi? Limenelo ndi lupsa. Thamanga, kadzutse atate ako!"

Moto unali kubwera ndi mphepo kulunjika ku nkhokwe za kumapeto kwa mudzi. Amuna anathyola nthambi zaziwisi, nayamba kuuthibula. Amai anathamanga ndi ndowa za madzi. Pakati pa usiku moto unazima, utatsala pang'ono kufika pa nkhokwe yoyamba. Cimanga cinapulumuka.

M'mawa mwake amalume anamufotokozera kusiyana kwake. Moto wa m'chire umafiiritsa thambo camunsi, pafupi ndi mitengo, ndipo umabwera ndi utsi ndi phulusa. Aurora ilibe utsi, siocha udzu, ndipo munthu samva kutentha kwake.

"Nanga muno mu Africa palibe anaionapo?" mtsikanayo anafunsa.

"Alipo," anatero amalume. Usiku wa pa 10 Meyi 2024, kucera pa 11, dzuwa linali litaponya tinthu tambiri zedi. Aurora inafalikira kutali ndi malo ake a masiku onse. Anthu a kugombe la kummwera kwa South Africa anaona thambo litafiira, ndipo ena anajambula ndi mafoni ao.

Mau atsopano

aurora, maginito, mlalang'amba, coimikira, lupsa

Yankhani mafunso awa

1. Chulani maiko awiri kumene aurora imaoneka.
2. Kodi tinthu timene timayambitsa aurora timacokera kuti?
3. N'cifukwa ciani wojambula amacoka m'tauni?
4. Kodi agogo anadziwa bwanji kuti si aurora?
5. Mukaona thambo lafiira kuseri kwa phiri usiku, mungacite ciani?

Nchito

Madzulo ano tulukani panja pamodzi ndi munthu wamkulu. Mufunseni maina a nyenyezi amene amadziwa, m'Cinyanja kapena m'Citumbuka. Lembani mainawo m'buku lanu, ndipo mujambule zimene mwaona kumwamba.