M'kamwa Mukavuta Muli pa Mankhwala a Mafuta a M'magazi

Mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, monga simvastatin ndi atorvastatin, kwa anthu ena amaumitsa m'kamwa, ndiwo osamvekanso kukoma, mwinanso kutulutsa tizilonda kapena timizere toyera mkati mwa masaya. Si ambiri amene zimawachitikira. Koma amene ndawaona zikuwachitikira kuno ku Domasi amaphonya pamodzimodzi.

Choyamba, zapakhomo nzachidule. Imwani madzi pafupipafupi, tsukani mano m'mawa ndi usiku, chukuchani madzi ofunda othira theka la kasupuni ka mchere m'kapu. Tsabola, fodya ndi kachasu zipumuleni. Maswiti oti abweretse malovu ayi: m'kamwa mouma mano sachedwa kubooka.

Chachiwiri, musasiye mankhwala panokha. Mafuta akachuluka m'magazi sapweteka, ndiye munthu amasiya naganiza kuti ali bwino, pomwe chiopsezo cha sitiroko ndi nthenda ya mtima chikukweranso mwakachetechete. Oti "mankhwala achizungu akutenthani m'thupi, siyani" musawamvere.

Chachitatu ndiye pagona nkhani. Popita kuchipatala nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi mwake, pamodzi ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Onse ndithu: a BP, a shuga, ma ARV, ogula pagolosale, ngakhale azitsamba. Anthu amafika chimanjamanja, akafunsidwa amvekere, "Timwa toyera tating'ono, adokotala." Toyera tating'ono tilipo tambirimbiri! Dokotala aziombeza?

Chifukwa chake nchakuti kawirikawiri wolakwa sakhala mankhwala a mafutawo. Amlodipine, wa BP, amatupitsa nkhama kwa ena. Hydrochlorothiazide nayenso amaumitsa kukhosi. Shuga akakwera, m'kamwa mumauma ndipo zoyera zimamera palilime. Mukasiya simvastatin pomwe vuto ndi shuga, mwaononga pawiri.

China choopsa kwambiri: mankhwala ena a zilonda za m'kamwa sayenderana ndi simvastatin. Miconazole wopaka m'kamwa, komanso erythromycin ndi clarithromycin, amachititsa kuti simvastatin adzikundike m'magazi mpaka kuononga minofu ndi impso. Ma ARV okhala ndi ritonavir nawonso chimodzimodzi. Ndiye chizolowezi chotuma mwana kugolosale ya pa Songani kuti "kagule mankhwala a zilonda" chimandidetsa nkhawa kwambiri. Wogulitsa sadziwa zimene mumamwa usiku. Musapake, musamwe chilichonse chatsopano musanaonetse mapaketi anu. Ndibwereze: mapaketi enieniwo, osati zokumbukira. Ndipo aspirin musamuike pachilonda, amatentha nyama.

Mukakhala pamaso pa dokotala, nenani mwezi umene munayamba mankhwala ndi nthawi imene vuto linayamba. Tsegulani pakamwa aone, ngakhale mzere utalike bwanji. Iyeyo ndiye angachepetse mlingo kapena kukusinthirani mtundu.

Pali zina zosadikira tsiku la sikelo yanu. Milomo kapena lilime likatupa, kupuma kukuvuta, thamangani nthawi yomweyo. Ntchafu ndi mapewa zikamaphwanya popanda ntchito yolemetsa, mkodzo nkuda ngati tiyi wopanda mkaka, musamwe piritsi lotsatira, pitani tsiku lomwelo. Chilonda chopitirira masabata atatu osapola chikaonedwe ndi a mano.

Yambirani pa Domasi Rural Hospital kapena St Luke's ku Malosa. Zikafunika akutumizani ku Zomba Central. Pa St Luke's mutengeko kolipira, poti ncha mishoni. Sunganinso ndalama ya kabaza ndi minibasi kupita ku Zomba ndi kubwerera, malinga ndi mtengo wa mafuta sabata imeneyo.