Intavyu yatha, kodi ngamira mwaimangirira?



Phunziro la sabata ino likupita kwa achinyamata a ku Dzaleka ndi midzi yozungulira ku Dowa, komabe aliyense amene akusaka ntchito atolapo kanthu.

Kampu ya Dzaleka inatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende. Inakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma lero mukukhala anthu opitirira 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, enanso ku Somalia ndi Ethiopia. Malamulo a dziko lino sapereka mpata wokwanira woti othawa kwawo azilembedwa ntchito kunja kwa kampu. Mwayi womwe ulipo ndi wothandiza m'mabungwe ngati JRS, kuphunzitsa ana, kumasulira zilankhulo, kapena ntchito za pa intaneti kwa omwe anaphunzira kompyuta m'malo ngati TakenoLAB. Malo amodzi, ofunsira mulu. Ukaitanidwa ku intavyu ndiye kuti wafika patali.

Vuto lathu ndi loti tikatuluka m'chipindamo timangoti "zili m'manja mwa Allah", basi n'kukhala phee. Zoonadi zili m'manja mwake. Koma kumbukirani munthu uja anafunsa Mtumiki (SAW) ngati amangirire ngamira yake kapena aisiye n'kuyadzamira kwa Allah. Yankho linali loti aimangirire kaye, kenako ayadzamire. Imelo yaifupi yothokoza pambuyo pa intavyu ndi chingwe chotero. Komanso Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti kuthokoza anthu n'kogwirizana ndi kuthokoza Allah. Anthu aja anasiya ntchito zawo n'kukumvetserani. Akuyenera "zikomo", kaya akulembani kaya ayi.

Ena amati kulemba imelo ngati imeneyi n'kudzigulitsa. Werengani Surat Yusuf. Mneneri Yusuf (AS) anapempha yekha kwa mfumu udindo woyang'anira nkhokwe za dziko la Iguputo, n'kutchula kuti amatha kusunga zinthu ndipo ntchitoyo akuidziwa. Kunena zoona za luso lako si kudzikweza.

Nanga tilembe bwanji?

1. Musachedwe. Tumizani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musanatuluke mu intavyu, funsani dzina la munthu ndi adiresi ya imelo, ndiponso tsiku lomwe akuyembekeza kupereka yankho. Sungani kabandulo kapadera, netiweki ya m'mapiri mwathu muno mukuidziwa.

2. Pamutu pa imelo lembani dzina lanu lonse ndi ntchito yomwe munafunsira. Iwo aonana ndi anthu ambiri, musawapatse ntchito yoganizira kuti ndinu ndani.

3. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana. Thokozani chifukwa cha nthawi yawo. Tchulani chinthu chimodzi chomwe munakambirana. Mwachitsanzo, ngati ananena kuti akuvutika kumvana ndi makolo olankhula Chiswahili ndi Chikirundi, akumbutseni kuti zilankhulozo mumazilankhula. Malizani ndi kunena kuti ntchitoyo mukuifunabe.

4. Lembani m'chilankhulo chomwe munachitira intavyu. Ngati ndi Chingerezi ndipo simukudzidalira, mnzanu awerengeko musanatumize. Zidule za pa WhatsApp ndi tizithunzi tosekerera zisiyeni.

5. Nenani zoona. Ngati funso lina linakuphonyani, mutha kuliyankha mwachidule pano. Koma musawonjezere satifiketi yomwe mulibe, kapena kubisa kuti ndinu othawa kwawo pamene ntchitoyo ikufuna mapepala ena. Ntchito yopezedwa ndi bodza, riziki lake limakhala ndi chidetso.

6. Osalira komanso osalonjeza "kangachepe". Mavuto a pakhomo ndi enieni, tikudziwa, koma imeloyi si malo ake. Za ziphuphu ndiye musayerekeze: Mtumiki (SAW) anatemberera wopereka ndi wolandira yemwe.

Tsiku lomwe analonjeza likadutsa kuli zii, dikirani masiku awiri kapena atatu a ntchito, kenako funsani kamodzi mwaulemu. Kamodzi kokha. Kuimba foni m'mawa ndi madzulo, kapena kukawadikirira pageti, kumangowononga dzina lanu. Apa ndi pamene sabr imayambira.

Nanga akati sanakutengeni? Ayankheninso ndi mawu othokoza, n'kuwapempha kuti akukumbukireni mpata wina ukapezeka. Ku Dzaleka mabungwe ndi omwewo, nkhope ndi zomwezo. Amene wakukanani lero mutha kudzamupezanso pa intavyu ya chaka chamawa, ndipo adzakumbukira khalidwe lanu.

Mukatumiza imelo ija, ikani foni pansi, swalini, pangani duwa. Riziki lomwe Allah anakulemberani silidzapita kwa wina, ndipo lomwe sanakulembereni simungalikoke ndi maimelo khumi.

Tikupempha Allah atsegule makomo a riziki la halal kwa achinyamata onse a mu kampu ndi a m'midzi yoyandikana nayo, ndipo atipatse mitima yothokoza. Ameen.

Muuzeko mnzanu amene ali ndi intavyu sabata ino.