Matope a pa Dooko la Minamata

Ku dziko la Japan kuli mzinda wa asodzi wotchedwa Minamata. Kuyambira chaka cha 1932, fakitale ya Chisso inkataya madzi ake oipa pa dooko la mzindawo. M'madzimo munali mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija chimanyezimira m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi. Tsono mekyule saola monga zinyalala zina: anamira nakhazikika m'matope, nalowanso m'nkhono ndi m'nsomba.

Oyamba kudwala anali amphaka, amene ankazungulira ngati amisala nagwera m'nyanja. Mu 1956 madokotala anazindikira nthendayo pa anthu: dzanzi m'manja, kudzandira, lilime kulemera. Ana ena anabadwa opuwala, pakuti poizoniyo anawafikira ali m'mimba.

Mu 1959 akatswiri a yunivesite ya Kumamoto anapeza makilogalamu 2 a mekyule pa tani ya matope kukamwa kwa ngalande ya fakitaleyo. Chomvetsa chisoni nchakuti kutayako sikunaleke kufikira 1968.

Ngakhale pamenepo, poizoni anatsalabe pansi. Kuyambira 1977 kufikira 1990 anakokolola matopewo nawakwirira pa mahekitala 58, ndipo ukonde wotsekera nsomba zapoizoni unachotsedwa mu 1997.